Mapazi Asanu Amene Oswald Anasowa

Ngati munalepherapo chinthu kamodzi, kupweteka kwake mukukudziwa. Koma kulephera chinthu chomwecho katatu, pamalo omwewo, kumasiya kupweteka n'kuyamba kuchititsa manyazi. Nkhani ya Clementina wa ku Kanakantapa ikuyambira pamenepo, ndipo sindikunamizani kuti ndi yokoma.

Linali Lachinayi la mu Seputembala pamene anatsika minibasi yochokera ku Lusaka, kumene anakayesedwa kachitatu kuyendetsa galimoto. Anali mayi wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, wa ana atatu, woti khasu silinamugonjetsepo. Pepala la woyesa analipinda kanayi n'kulimanga pakona ya chitenje. Zina zonse anakhoza: kubwerera chambuyo pakati pa migolo, kunyamuka pachitunda osatsetsereka, kukhota bwino pamphambano. Chomwe chinamugwetsa n'chomwe chija cha maulendo awiri oyamba. Woyesa atamenya deshibodi ya patsogolo pa mpando wake, chizindikiro choti aime mwadzidzidzi, galimoto inapitirira ngati sinamve.

Sanadzere njira ya pachigayo, poopa mafunso a amayi anzake. Anazungulira kudimba. Kumeneko anapeza tomato wake atafiira munda wonse, wina ataphulika ndi dzuwa, wina atagwa pansi n'kuyamba kununkha. Anaima n'kumuyang'ana, koma misozi sinabwere. Inali itatopa nayenso.

Pakhomo anapeza mlamu wake Lazarous, mng'ono wa mwamuna wake, atakhala paboneti ya vani yawo yakale, miyendo akuigwedeza.

"Mwabwela, bamulamu," anatero Lazarous. "Tipaseniko laisensi tiione."

"Nafeluka."

"Futi?" Lazarous anatsika n'kudzisasa fumbi. "Ine sinifuna ndeo, bamulamu. Banja inakamba kale. Ikafika twente-fo Okotoba palibe wamene ayendetsa motoka iyi, niitenga ku Lusaka izinyamula mabuloko. Siingakhale chabe pano monga nkhuku yofungatila."

Ndisamudetse Lazarous kuposa mmene alili. Mkulu wake ali m'chipatala, ndi iye amene ankagona pabenchi masabata asanu. Koma diso lake linkaikonda vaniyo, ndipo chikondi chotere sichibisika.

Kwa Clementina vaniyo sinali chitsulo chabe. Ndiyo inkafikitsa tomato kumsika wa ku Lusaka, m'malo modikira ogula obwera kumunda amene amatchula okha mtengo akuyang'ana kumbali. Ndiyonso inkafunika kuti mwamuna wake azipita kuchipatala mwezi ndi mwezi, osati pangolo ya ng'ombe imene inkamugwedeza msana mpaka kulira ngati mwana. Vaniyo ikanachoka, banjalo likanatsala lopanda miyendo kachiwiri.

Ndati kachiwiri chifukwa miyendo yoyamba inali itapita kale.

Oswald, mwamuna wa Clementina, anaiyendetsa vani imeneyo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ankaidziwa ngati mwana wobereka yekha. M'zaka zomalizira buleki yake inayamba ulesi: ukaiponda kamodzi phazi linkangomira mpaka pansi osagwira kanthu, ndiye umayenera kupopa. Oswald sanazione ngati matenda. Anazisandutsa luso, n'kuzipekera ndi mwambi wakewake.

"Koyamba uiutsa, kachiwili uipempha, kachitatu imvela," ankatero akuseka.

Ndi mwambi umenewo anaphunzitsira mkazi wake, Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, pabwalo la mpira. Clementina anapopa buleki pabwalo lija miyezi yambirimbiri, mwamuna wake akuomba m'manja. Anali masiku okoma, ndipo phazi silimaiwala zimene linaphunzira likusangalala.

Kenaka m'mawa wina wa mu Febuluwale, Oswald ali yekha ndi mabokosi a tomato pamsewu waukulu wopita ku Lusaka, anatulukira pachitunda n'kupeza lole yowonongeka itaima m'njira. Eni ake anali atayala nthambi zamitengo pamsewu, monga achitira anthu kuno pochenjeza anzawo. Vani inalowa kumbuyo kwa loleyo. Oswald anatuluka wamoyo, koma kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi thupi linasiya kumumvera.

Amuna a kutchalitchi anathandizana n'kuiwongola nkhope vaniyo, mpaka inaoneka ngati sinagundepo kanthu. Za buleki palibe anafunsa. Anthu ena ankati ndi nsanje za anzake a tomato. Oswald ankati olakwa ndi anyamata a lole, amene anayala nthambi zawo pafupi kwambiri. Aliyense wobwera kudzamuzonda ankamva mawu omwewo.

"Yanasala chabe mapazi asanu kuti niime. Mapazi asanu chabe."

Tsopano mumvetse chimene chinkamugwetsa Clementina. Kusukulu yoyendetsa galimoto ya pa Chongwe ankaphunzitsidwa ndi Norah, mayi wamng'ono kwa iye, wa pakamwa posachedwa, wokonda kutafuna mtedza wokazinga. Norah ankamuuza tsiku ndi tsiku kuti poima mwadzidzidzi amaponda buleki kamodzi, mwamphamvu, osachotsa phazi. Manja onse awiri agwire chiwongolero, maso akhale kutsogolo, kilachi aiponde galimoto ikatsala pang'ono kuima. Clementina ankamva. Ankatha kuzinena zonsezo atatsinzina.

Koma akafika kunyumba ankapeza Oswald ali panjinga yake ya olumala pansi pa mtengo wa mango, atamuikira kale njerwa ndi patapata wakale pamwamba pake kuti zikhale ngati buleki.

"Amake Jenala, bwelani muonetse zamene mwaphunzila lelo."

Clementina akaponda kamodzi n'kugwira, Oswald ankapukusa mutu.

"Iyayi. Ni za mu buku izo. Bana ba manje motoka baidziwila pa pepala. Popani, monga ninakuphunzitsani."

Ndipo Clementina ankapopa. Mungamuseke, koma taganizani kaye. Mwamuna uyu anali atalandidwa miyendo, munda, msewu, ngakhale kupita yekha kuchimbudzi. Chimene chinamutsalira n'chimodzi: ankadziwa galimoto. Akamaphunzitsa mkazi wake nkhope yake inkawala ngati kale. Kodi mkazi wake yemwe ndiye akanamulanda chimenechonso? Alangizi anamuuza pokwatiwa kuti mwamuna sachititsidwa manyazi pakhomo pake, ndipo ngakhale akanapanda kumuuza, mtima wake sukanalola.

Motero zimene Norah ankamanga m'mawa, Oswald ankagumula madzulo. Pa mayeso oyamba phazi linapopa lokha, mwini wake osadziwa n'komwe. Pa achiwiri anaponda bwino, koma buleki ya galimoto ya sukulu inanjenjemera pansi pa phazi, iye n'kuchita mantha kuti wathyola chinthu, n'kuchotsa phazi. Pa achitatu mutu unati gwira, phazi linati popa, ndipo phazi linapambana.

Tsiku la kulephera kwachitatu lija Oswald sanafunse zambiri. Anangoti oyesa a masiku ano sadziwa ntchito. Clementina anamusambitsa, anamupaka mafuta pamsana, anadyetsa ana. Mumtima anali atagonja. Anaganiza kuti mwina anthu ankanena zoona kuti mutu wa zaka makumi anayi sulowanso zatsopano.

Lolemba lotsatira anapita pa Chongwe kukatsazika.

"Ba Norah, nabwela kulaila. Nalema. Makiyi nizapasa bamulamu."

Norah anasiya kutafuna. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ba Clementina, niuzeni zoona. Ni ndani wamene amakuphunzitsani kupopa? Chifukwa pano mumachoka muli bwino, mailo mwabwela na phazi ya munthu wina."

Clementina anaulula zonse: za bwalo la mpira, za mwambi, za njerwa ya pansi pa mango. Za ngozi sanatchule.

"Kwelani," anatero Norah. "Lelo niyendetsa ine. Mukaona zamene nifuna kukuonetsani, muyende mukapeleke makiyi yanu."

Anapita pamsewu wina wa phula wopanda anthu, kunja kwa tauni. Norah anatsika n'kuika mwala waukulu m'mbali mwa msewu. Anabwerera kutali, anayang'ana pagalasi kuti kumbuyo kulibe kanthu, n'kuthamangitsa galimoto pa liwiro wamba la m'tauni. Atafika pamwala paja anaponda buleki kamodzi. Lamba anamukoka Clementina pachifuwa, galimoto n'kuima nji. Norah anamutuma kuika botolo la madzi pamene panali tayala lakutsogolo.

Anabwereranso. Liwiro lomwelo, mwala womwewo. Koma ulendo uno Norah anapopa, akuimba monyoza: "Koyamba uiutsa. Kachiwili uipempha. Kachitatu imvela." Galimoto inalidutsa botolo lija ngati silikuoneka, n'kukaima kutsogolo.

"Selukani. Yambilani apa pa tayala, muyende kufika pa botolo. Muziwelenga."

Clementina anayenda akuwerenga mokweza. Dzuwa linali litakwera, phula likuotcha kupyola m'nsapato. Atafika pa asanu anaima pang'ono. Anapitirira. Khumi. Khumi ndi asanu. Anafika pabotolo atawerenga makumi awiri ndi anayi.

"Mwaona?" anatero Norah. "Apo pakati pangakwane ng'ombe, pangakwane njinga, pangakwane mwana wanu. Ndipo mvelani, motoka yamene ifuna kupopa kuti iime ni yodwala. Si luso iyo, ni matenda."

Norah sanadziwe chimene wanena. Anangoona mayi wamkulu akukhala pansi pa phula lotentha, manja pamutu, akulira ngati wamva uthenga wa maliro. Clementina ankangobwereza mawu amodzi: asanu, asanu. Mwamuna wake anasowa mapazi asanu, ali ndi makumi awiri ndi anayi amene anawataya yekha ndi phazi lake. Sizinali nthambi. Sizinali nsanje. Unali mwambi uja umene banja lonse linkauseka.

Norah atamva nkhani yonse anakhala naye pansi pomwepo, mtedza wake utamwazika.

Kudziwa choonadi sikunamupepukitse Clementina. Kunamulemetsa. Masiku anayi anayenda nacho pakhomo ngati khala lamoto m'manja. Akayang'ana mwamuna wake ankamva chisoni, kenaka mkwiyo, kenaka manyazi chifukwa cha mkwiyowo. Madzulo Oswald akamuitanira kunjerwa, iye ankanamizira mutu. Kudimba tomato anapitiriza kuwola, ndipo wina Clementina anangomutayira nkhumba za oyandikana nawo.

Tsiku lachisanu anagulitsa mbuzi n'kuitana makanika wa pa Chongwe, osauza mwamuna wake. Oswald anangoona munthu wachilendo akutsegula boneti.

"Amake Jenala, uyu afuna chani pa motoka yanga?"

"Aona mabuleki."

"Ni ndani wakuuzani kuti mabuleki yadwala? Ine nayendetsa motoka iyi imwe mukalibe kudziwa na kwamene kuli giya!"

Clementina anagwada pafupi ndi njinga ija, monga ankachitira pomupatsa madzi, koma mawu ake sanagwade.

"Atate ake Jenala, nakumvelani zaka zonse. Koma motoka iyi ngati nizaiyendetsa ine, mukhala bana bathu kumbuyo. Lekani aone."

Makanika sanachedwe. Anamasula kachitsulo kamene kamakankha mafuta a buleki, n'kutulutsamo kamphira kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo, kong'ambika mbali imodzi. Posadziwa kuti akulankhula ndi ndani, anakaika m'dzanja la Oswald akuseka.

"Aka ndiye kanali kukupopetsani, bosi. Kanasila kale maningi. Muli na mwayi simunagunde munthu."

Oswald anakayang'ana kamphira kaja. Anakatembenuza. Kenaka anafumbata dzanja, anatembenuza njinga yake yekha n'kulowa m'nyumba.

Masiku atatu sanalankhule. Chakudya chinkabwerera mmene chapitira. Anagona atayang'ana kukhoma, dzanja lili chifumbatire. Ana ankayenda monyang'ama ngati m'nyumba muli maliro. Apa ndi pamene Clementina anafika pansi penipeni, kuposa tsiku la mayeso lija. Ankadziuza kuti vani wayikonza, koma mwamuna wamupha. Anafika polakalaka akanangopereka makiyi kwa Lazarous, bodza lija n'kupitiriza kuwasunga onse.

M'mawa wa tsiku lachinayi, akumutembenuza kuti amusambitse, Oswald analankhula osamuyang'ana.

"Ninali kudziwa."

Clementina anaima, nsalu ili m'manja.

"Zaka zinayi ninali kudziwa. Chaka chilichonse ninali kukamba ati nizakonza tikagulitsa tomato. Pa chitunda paja nthambi ninaziona bwino, zinali patali. Ninapopa katatu, Amake Jenala. Kachitatu ninali kale pansi pa lole." Anatsegula dzanja. Kamphira kaja kanali katasiya chidindo m'chikhatho. "Miyendo yanga ninagulitsa na aka. Elo ninali kufuna kukupasani na imwe matenda yamene yanilemalika."

Analira onse awiri, chitseko chili chotseka. Madzi akatayika saoleka, ndipo panalibe mawu oti n'kubweza msana wa munthu. Akulu anati zengerezu analinda kwawukwawu, koma mwambi umenewu umapweteka mosiyana ukaupeza uli m'nyumba mwako, uli panjinga ya olumala.

Madzulo a tsiku lomwelo Oswald anapempha kuti amutulutse panja. Anaitanitsa njerwa ija, patapata uja, ndi beseni lachitsulo pamodzi ndi mthiko.

"Ba ticha banu bakamba ati bwanji? Niuzeni zonse, mosasiya."

Clementina anafotokoza. Oswald anamvetsera ngati mwana wa sukulu.

"Chabwino. Phazi iyo ninaiononga ine, nizaikonza ine. Mukamvela beseni, kulikonse kwamene muli, pondani kamodzi, osachotsa."

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo paja panalibe mtendere. Clementina akusesa, beseni linkalira, iye n'kuponda pansi ndi phazi lamanja n'kuuma pomwepo, manja atagwira tsache ngati chiwongolero. Akusenza ndowa, beseni. Akulankhula ndi mlendo, beseni. Phazi likangodzuka pang'ono kuti lipope, Oswald ankakuwa kuti ayambirenso. Amayi odutsa popita kuchigayo ankagwirana mapewa ndi kuseka, ena n'kumanong'ona kuti mavuto awazunguza mitu onse awiri. Clementina ankawamva. Ankaponda basi.

Musaganize kuti zinasintha msanga. Sabata yoyamba phazi linkapopabe kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi. Tsiku lina anakhala pa njerwa ija n'kunena kuti sangathe, kuti phazi lakalamba.

"Langa linafa," anatero Oswald. "Lanu likali moyo. Imani."

Kusukulu Norah anamuzoloweza kunjenjemera kwa buleki, akumuuza kuti m'galimoto zatsopano kumeneko ndiye kugwira ntchito kwake, phazi lisachoke. Anamuuzanso kuti vani yakale ilibe zimenezo: matayala akauma n'kuyamba kutsetsereka, afewetse phazi pang'ono chabe n'kupondanso, koma kumeneko si kupopa mphepo kuja. Anamuphunzitsanso kuti galimoto ikaima akoke handibuleki, achotse giya, apume, ndipo asananyamuke ayang'ane magalasi onse ndi kumbuyo kwa mapewa onse awiri.

Anakayesedwa kachinayi kutatsala masiku atatu kuti tsiku la Lazarous likwane. Woyesa atamenya deshibodi, Clementina sanamve deshibodi. Anamva beseni. Mafayilo a woyesa anatsetsereka pamiyendo n'kugwera pansi, galimoto itaima mowongoka pakati pa njira yake. Bamboyo anatola mapepala ake n'kulemba. Clementina anakhoza.

Sanavine. Tomato wa chaka chimenecho anali atapita kale pafupifupi yense, ndipo laisensi sibweza zowola.

Pa 24 Okutobala Lazarous anafika m'mawa, atatenga ndi chigubu cha mafuta. Clementina anamupatsa pepala. Iye analiwerenga kawiri.

"Pepala ni pepala, bamulamu. Pepala siiyendetsa motoka. Pa mseu pali zinthu."

Asanayankhe Clementina, Oswald analankhula ali pansi pa mango.

"Lazarous, ninyamule. Uniike kutsogolo."

Onse anadabwa. Chichitikireni ngozi Oswald anali asanalowemo m'vani imeneyo, ngakhale kuikhudza. Lazarous anamunyamula mkulu wake n'kumukhazika pakati, anamumanga lamba, iye n'kukhala kukhomo. Clementina anakhala pachiwongolero. Analiza injini.

Anatenga msewu wafumbi wolowera ku Chongwe. Lazarous ankayang'ana mapazi a mlamu wake, kudikira cholakwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Atangodutsa pamlatho waung'ono, kuseri kwa chulu chachikulu cha m'mbali mwa msewu kunatulukira ngolo ya ng'ombe yodzaza migolo ya madzi. Ng'ombe zinali zitapulumuka m'manja mwa mwini wake, mayi wachikulire amene ankazithamangira kumbuyo akukuwa. Ngoloyo inapingasa msewu wonse.

Clementina sanaganize. Phazi linatsika kamodzi n'kukhala pomwepo. Manja anauma pachiwongolero. Matayala akumbuyo atayamba kukokota pamiyala, anafewetsa pang'ono n'kupondanso, kilachi n'kutsatira. Fumbi linawakwirira. Litayamba kutsika, anaona ng'ombe ziwiri zitaima kutsogolo kwawo zikupuma mwamphamvu, madzi akutayikira m'mbali mwa migolo.

Anakoka handibuleki. Anachotsa giya. Kenaka anapuma.

Oswald anali atatsinzina. Atatsegula maso anayang'ana ngolo ija nthawi yaitali.

"Lazarous," anatero motsitsa mawu, "seluka. Uyambile pa bampala, ufike pa ngolo. Uziwelenga."

Lazarous anatsika osafunsa chifukwa. Anayenda m'fumbi muja akuwerenga, n'kukagwira thabwa la ngolo. Anatembenuka. Nayenso mawu aja anali atawamva kambirimbiri pabenchi ya kuchipatala, ndipo nkhope yake inasintha asanayankhe.

"Asanu, bakulu."

Oswald anagwedeza mutu pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'ndevu. Anaika dzanja lake pa dzanja la mkazi wake, limene linali likadali pachiwongolero.

"Ni yamene ine ninasowa," anatero. "Mwayapeza ndimwe."

Lazarous anathandiza mayi uja kukokera ng'ombe pambali. Pobwerera sanatchulenso za mabuloko. Madzulo anakwera minibasi ya ku Lusaka, chigubu cha mafuta chija atachisiya pakhonde.

Oswald sanayendenso, ndipo sadzayenda. Nkhani iyi ilibe chozizwitsa chotero. Koma mukaima pamsewu wa ku Kanakantapa m'mawa wa tsiku la msika, mudzaona vani yakale itasenza mabokosi a tomato, mayi ali pachiwongolero, bambo ali pambali pake atamanga lamba. Pagalasi la kutsogolo pamalendewera kamphira kong'ambika, komangidwa ndi ulusi.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwagwa katatu pamalo amodzi ndipo mwayamba kukhulupirira kuti ndinu mbuli. Musanapereke makiyi, dzifunseni kuti phazi lanu linaphunzira kwa yani. Nthawi zina chimene chikutigwetsa tinachilandira kwa munthu amene amatikonda, ndipo kuchisiya kumapweteka ngati kumusiya iyeyo. Chisiyeni ndithu. Ndipo ngati pali kamphira kamene mukudziwa kuti kanang'ambika, m'galimoto kapena m'moyo wanu, musadikire kuti mugulitse kaye tomato.

Clementina anagwa katatu, anasekedwa ndi mudzi wonse akuponda fumbi pabwalo, koma anapitanso kachinayi. Mtima wanu usagwe pa ulendo wachitatu. Dzukani, pitaninso, chifukwa mapazi asanu amene mukuwavutikira lero, mawa adzakhala moyo wa munthu.